Kufinya dzanja kuti BP itsikeko: mmene mungachitire kunyumba osadzipweteka

Ngati munayezetsa nkukuuzani kuti BP yanu ndi yokwera ndiye malangizo aja mukuwadziwa kale, chepetsani mchere, muziyenda, fodya ayi, mowa pang'ono kapena osamwa nkomwe, mapilisi tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Zonsezo nzoona ndipo sizikusintha. Koma pali kanthu kena kamene anthu ambiri sakadziwa, ndipo mukakamva koyamba mutha kuseka: kukhala pampando, kufinya chinthu m'manja kwa mphindi 2, kupumula, kufinyanso, mpaka kanayi, masiku atatu pa sabata. Basi. Pakatha masabata 8 anthu ambiri BP yawo imakhala itatsikako. Sizamatsenga ayi, komanso si za aja amagulitsa timabotolo tochiza matenda onse pa depoti, izi zinafufuzidwa m'mayunivesite ndipo zinalowa m'malangizo a madokotala a mtima. Akatswiri amati isometric handgrip, kutanthauza kuti minofu ikugwira ntchito koma dzanja silikuyenda, mwangofumbata nkukhala chomwecho.

Pomwe anthu amalakwitsa ndi pa mphamvu. Munthu akamva zoti finyani amafinya ndi mphamvu zake zonse, nkhope kuchita kukwinyika, mpweya kuusunga m'chifuwa, masekondi 15 watopa wasiya. Zimenezo sizitsitsa BP, zimangoikweza kwambiri nthawi yomweyo ndipo kwa munthu amene ndi wodwala kale nzoopsa. Njira yeniyeni ndi yofatsa, mumagwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zanu, pafupifupi 30 peresenti, nkuisunga pompo osakwera osatsika kwa mphindi 2 zathunthu uku mukupuma bwinobwino. Nkhani yonse yagona pa kupeza 30 peresenti imeneyo, ndiye ndikhalitsapo pamenepo tikafika.

Zinayambira kuti, ndipo muyembekezere zochuluka bwanji

Dzina limene limatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi la Ronald Wiley, wofufuza za kagwiridwe ntchito ka thupi wa pa Miami University ku Ohio, ku America. Iye anagwirapo ntchito ndi asilikali oyendetsa ndege zankhondo, anthu amene akamakhota ndege mothamanga kwambiri magazi amathawira kumiyendo nkutsala pang'ono kukomoka, ndipo kufinya minofu ndi njira imodzi yokwezera BP kwa kanthawi kuti magazi afike ku ubongo. Kuchokera kumeneko ndi pomwe panabwera chidwi choona kuti nanga munthu akamafinya pafupipafupi BP yake ya nthawi imene akupumula imatani. Mu 1992 iye ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo, anthu amene ankafinya pa 30 peresenti kwa mphindi 2, kanayi, masiku atatu pa sabata kwa masabata 8 nambala yawo ya pamwamba (yaikulu ija mwa manambala awiri a BP, monga 160 mu 160 pa 100) inatsika ndi 12 kapena kuposerapo pang'ono. Koma anali anthu ochepa kwambiri, ndiye musagwire nambala imeneyo nkumati nanenso 12.

Kenako ena anapitiriza, makamaka ofufuza a pa McMaster University ku Canada. Mu 2013 bungwe la American Heart Association linaunika njira zosiyanasiyana zotsitsira BP zomwe si mankhwala kapena zakudya ndipo linati kufinya dzanja kutha kuganiziridwa ngakhale umboni wake unali usanachuluke. Pofika 2017 malangizo a American College of Cardiology pamodzi ndi American Heart Association anaika njirayi pa mndandanda wa zinthu zothandiza, analemba kuti mphindi 2 kanayi, kupumula mphindi 1 pakati, mphamvu ya 30 mpaka 40 peresenti, katatu pa sabata kwa masabata 8 mpaka 10, ndipo munthu wa BP yokwera ayembekezere kuti nambala ya pamwamba itsika ndi 5. Mu 2023 Jamie Edwards ndi anzake a pa Canterbury Christ Church University ku Britain anaphatikiza makafukufuku 270 okhudza anthu 15,827 nkufalitsa mu British Journal of Sports Medicine. Anapeza kuti masewera olimbitsa thupi a mtundu uwu ofumbata osayenda anatsitsa nambala ya pamwamba ndi 8 ndipo ya pansi ndi 4, pomwe kuthamanga, kuyenda, kupalasa njinga ndi zina zotero zinatsitsa ya pamwamba ndi 4.5 ndipo ya pansi 2.5. M'gulu lopambanalo munali kufinya dzanja komanso kunjuta motsamira khoma, ndipo kunjutako ndi kumene kunaposa.

Ine maganizo anga ndi oti muike mtima pa 5. Ikaposa apo ndi bonasi. Wina anena kuti aa 5 yokha, kuchoka pa 152 kufika pa 147 ndiye chiyani. Komatu kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2021, wophatikiza anthu ambirimbiri amene ankamwa mankhwala a BP, anaonetsa kuti nambala ya pamwamba ikatsika ndi 5 chiopsezo cha mavuto akuluakulu a mtima ndi sitiroko chimatsika ndi pafupifupi 10 peresenti. Ndiye 5 si yachabe, makamaka mukaiphatikiza ndi ina imene mwapeza pochepetsa mchere ndi ina ya mapilisi. Kuno kwathu ku Malawi kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa nkomwe, ndiye chinthu chosalira ndalama zambiri chomwe mutha kuchita muli pakhonde nchoyenera kuchidziwa.

Musanagwire chilichonse

Yezani kaye. Popanda kudziwa pomwe mwayambira simungadziwe ngati zikuthandiza, ndipo kumva m'thupi sikuthandiza chifukwa BP imakwera munthu akumva bho. Ngati muli ndi makina anu a batire aja omanga pamkono, yezani m'mawa musanamwe tiyi kapena mapilisi komanso madzulo musanagone, kwa sabata yathunthu. Khalani pampando mphindi 5 osalankhula osagwira foni, msana utsamire, mapazi pansi osapingasa miyendo, mkono pa tebulo kuti ukhale pa msinkhu wa mtima, ndipo muyambe mwakodza chifukwa chikhodzodzo chodzadza chimakweza manambala. Yezani kawiri kusiyana ndi mphindi imodzi nkulemba zonse mu kope. Ngati makina mulibe, pitani kuchipatala cha pafupi kapena ku famasi komwe amayeza, maulendo awiri atatu pa masiku osiyana, bola mukafika mukhale kaye pansi mupumule, osati mwangotsika pa kabaza kapena mwakwera chitunda wapansi nkupereka mkono.

Ndiyeno pali anthu amene asayambe asanaonane ndi dokotala. Ngati manambala anu amafika 160 pa 100 kapena kuposa, yambani mwakonza zimenezo ndi mankhwala, chifukwa nthawi imene mukufinya BP imakwera kaye isanatsike, ndipo kukweza chinthu chokwera kale si nzeru. Chimodzimodzi ngati munadwalapo mtima posachedwa, munagwidwapo sitiroko, mumamva kupweteka pachifuwa mukayenda, mtima wanu unapezeka kuti ndi wofooka kapena wotupa, munauzidwa kuti muli ndi mtsempha waukulu wofufuma, kapena shuga inakuonongani maso. Amayi oyembekezera amene BP yakwera, iyi si nkhani ya kunyumba, ndi ya kusikelo ndipo mwachangu. Amene ali pa dialysis, makina osefa magazi impso zikafooka, asafinye ndi mkono umene anawakonza mtsempha pokhapokha madokotala awo atalola. Nyamakazi ya m'zala kapena dzanzi la m'chikhatho limene limakudzutsani usiku, mwina dzanja si malo anu, onani za khoma zili kumunsizi.

Ndipo mukayeza nkupeza 180 pa 120 kapena kuposa, makamaka pali mutu waukulu, maso akuchita chidima, chifuwa chikupweteka, pakamwa papotoka, mkono kapena mwendo wafooka, lilime likulemera, siyani zonse muthamangire kuchipatala.

Kupeza 30 peresenti yanu

Njira yabwino kuposa zonse ndi kachipangizo koyezera mphamvu ya dzanja kamene kamaonetsa makilogalamu pa sikirini, amati dynamometer. Tilipo totchipa ta pulasitiki ngati ta Camry timene anthu amaoda pa intaneti kapena kutumitsa kwa abale a ku Joni, ndipo aliponso makina odula ngati Zona Plus amene amakuwerengerani zonse okha, koma kunena zoona simukufunika odulawo. Khalani pampando, chigongono chipindike pambali pa thupi, finyani ndi mphamvu zonse kwa masekondi 2 kapena 3 okha uku mukutulutsa mpweya, onani nambala, pumulani mphindi imodzi, bwerezaninso, tengani yaikulu. Dzanja lililonse palokha chifukwa lamanja ndi lamanzere sizifanana. Tiyerekeze lamanja latulutsa 36 kg, gawo limodzi mwa atatu ndi 12, ndiye 30 peresenti ndi pafupifupi 11, muzisunga pa 11. Mayi amene watulutsa 24 kg azisunga pa 7. Chenjerani kuti tina mwa timakina timeneti timangogwira nambala yaikulu nkuima pompo, sitionetsa mphamvu ikusintha, ndiye musanagule funsani ngati kamaonetsa nambala ikuyenda nthawi imene mukufinya.

Njira yachiwiri ndiyo imandisangalatsa chifukwa chida chake chimapezeka: makina a BP akale aja opopa ndi dzanja, okhala ndi kampira kopopera ndi kawotchi ka muvi. Tengani lamba uja amakulunga pamkono, mupindeni kuti akhale ngati mpukutu wokwana m'manja, mumangeni ndi labala kapena mumuike mu sokosi kuti asamasuke, tsekani kavalavu nkupopa mpaka muvi ufike pa 20. Tsopano finyani mpukutuwo ndi mphamvu zonse kwa masekondi awiri muone muvi wafika pati. Tinene kuti wafika pa 220. Chotsani 20 ija munayambira, kwatsala 200, 30 peresenti yake ndi 60, bwezeranipo 20, ndiye malo anu ndi 80. Ntchito yanu ndi kusunga muvi pa 80 kwa mphindi 2. Sizolondola ndendende ngati dynamometer koma zili pafupi, ndipo ubwino wake maso anu akuona muvi ukamatsetsereka nkuubwezeretsa. Kawotchi kameneka kamathera pa 300, ndiye amphamvu kwambiri aja amene amanyamula matumba a simenti akhoza kuufikitsa kumapeto muvi, amenewo njirayi siwakwanira.

Njira yachitatu ndi ya amene alibe zonsezi, mpira wa tenisi, kampira kofewa kofinya, kapena thaulo laling'ono lokulunga molimba. Apa palibe nambala ndiye mukudalira kumva kwanu, ndipo anthu ambiri akamayerekeza amapitirira. Finyani kamodzi ndi mphamvu zonse kuti thupi lidziwe mapeto ake, masulani, kenako finyani pang'ono pokha, mphamvu yoti poyamba muziona ngati ndi masewera. Choyezera chake nchakuti masekondi 30 oyamba azikhala ophweka mpaka kukayikira ngati mukuchita kanthu, ikamatha mphindi yoyamba mkono uziyamba kutentha, masekondi 30 omaliza azikhala ovuta koma otheka. Ngati mwalephera kufika mphindi 2 ndiye kuti munafinyitsa, chepetsani. Ngati mphindi 2 zatha mkono uli zii osamva kanthu, onjezerani pang'ono ulendo wotsatira.

Nanga zija za sipuling'i zimene anyamata a ku jimu amayenda nazo akutseka nkutsegula? Kutseka nkutsegula si zimene tikunena pano, ife tikufuna kugwira nkukhala. Zolimba kwambiri zija zisiyeni. Ngati muli ndi chosinthika, chokhala ndi kogudubuza kochepetsera mphamvu, chiikeni pa nambala yotsika, tsekani mpaka zogwirira zitatsala pang'ono kukhudzana nkuima pamenepo. Zikakhudzana mumayamba kufinya mopitirira osadziwa.

Tsiku lochita

Sankhani masiku atatu otalikirana, monga Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kuti pakati pazikhala tsiku lopumula. Nthawi iliyonse ndi yabwino bola isakhale mutangodya kumene nsima yambiri, mutangomwa khofi kapena mutakwiya. Khalani pampando wotsamira, mapazi pansi, phewa lomasuka, chigongono chopindika, dzanja pa ntchafu kapena pa tebulo. Tcherani taima ya pa foni.

Lamanja mphindi 2. Pumulani mphindi 1. Lamanzere mphindi 2. Pumulani mphindi 1. Lamanjanso, kupumula, lamanzerenso, mwamaliza. Zonse pamodzi ndi mphindi 11, nkhani za pa wailesi zisanathe. Ngati dzanja limodzi lili ndi vuto mutha kuchita kanayi konse ndi linalo koma muzipumula nthawi yotalikirapo, mphindi 3 kapena 4, chifukwa ndi minofu yomweyo imene ikubwereza.

Tsopano mphindi yachiwiri ija ndi pomwe pali nkhani. Mudzaona mkono kuyambira pa chigongono mpaka pa mfundo ya dzanja ukutentha, zala zikuyera, mwina kunjenjemera pang'ono, muvi uja ukuyamba kutsika wokha 80, 76, 72 inu mukuona ngati mukufinya chimodzimodzi. Pamenepo thupi limayamba kuba, phewa limakwera kulunjika kukhutu, mano amalumana, mimba imalimba, dzanja linalo nalonso limafumbata popanda kulituma, ndipo choipa kwambiri mpweya umaima. Muzidzifufuza nokha, phewa pansi, nsagwada zomasuka, dzanja linalo lotambasuka pa ntchafu. Kusunga mpweya uku mukukakamiza kumakweza BP mwadzidzidzi kwambiri kuposa kufinyako, ndiye kupuma si nkhani yosankha. Njira yosavuta ndi kuwerenga mokweza mawu kapena kucheza ndi munthu amene muli naye, chifukwa munthu sungalankhule utasunga mpweya. Ena amaimba nyimbo ya kwaya chapansipansi, zimathekanso.

Mukamasula musangotaya, tambasulani zala pang'onopang'ono. Chikhatho chimafiira, chimatentha, nthawi zina kuchita ngati tinyerere tikuyenda, nzabwinobwino ndipo zimatha mu mphindi yopumulayo. Zimene si zabwinobwino ndi chizungulire, mutu kugunda, chifuwa kuthina, mtima kudumphadumpha, kubanika kapena maso kuona nyenyezi. Zikatero siyani pompo ndipo musabwerezenso musanakafotokoze kuchipatala. Ngati muli ndi makina a batire, sabata yoyamba mutha kuyeza mkono winawo mukangomaliza kuti muone mmene thupi lanu likuyankhira, ikhala yokwererapo pang'ono kenako pakatha mphindi zochepa ibwerera. Mukamaliza zonse khalani kaye mphindi ziwiri musanaimirire, makamaka achikulire ndi amene amamwa mapilisi okodzetsa aja.

Mphamvu ya dzanja imasintha, pakatha masabata awiri mutha kupeza kuti 36 ija yafika 39, ndiye muziyezanso kumayambiriro kwa sabata nkuwerengeranso 30 peresenti yatsopano. Koma musatengeke nkuyamba mpikisano wofuna 50 kapena 60 peresenti poganiza kuti zifulumira. Mphamvu ikakwera BP ya nthawi yofinyayo imakweranso, mphindi 2 simuzikwanitsa, ndipo mwatuluka mu njira imene inayesedwa.

Chimachitika nchiyani m'thupi

Anthu amafunsa kuti dzanja ndi BP zikugwirizana pati. Mukafumbata, minofu imapanikiza mitsempha ya magazi imene imadutsa mkati mwake, magazi amayenda movutikira kwa mphindi ziwirizo. Mukamasula amabwera ambiri nthawi imodzi, ngati mmene madzi amachitira mukaponda paipi yothirira m'dimba kenako nkuchotsa phazi. Kuthamanga kumeneko kumakhudza khungu la mkati mwa mitsempha, limene limatulutsa nitric oxide, mankhwala a m'thupi amene amauza mtsempha kuti umasuke utakasuke. Mukabwereza zimenezi kwa masabata mitsempha imazolowera kumasuka. Ofufuza amatchulanso mbali ya ubongo ndi minyewa imene imalamulira kugunda kwa mtima ndi kuthina kwa mitsempha, ija imadzuka munthu ukachita mantha, kuti nayonso imaphunzira kufatsa ikamakumana ndi kukwera kwa BP kwakung'ono kobwerezabwereza. Nchifukwa chake nthawi yopumula ija ndi yofunika mofanana ndi yofinya, musaidumphe pofuna kumaliza msanga.

Kwa amene manja amawawa, khoma

Kunjuta motsamira khoma kunatuluka pamwamba mu kafukufuku wa 2023 uja ndipo sikufuna chida chilichonse. Tsamirani khoma ndi msana, mapazi muwapititse kutsogolo pang'ono motalikirana ngati mapewa, tsetserekani pansi mawondo apindike, khalani pamenepo mphindi 2, imirirani mupumule mphindi 2, kanayi, katatu pa sabata. Simukufunika kutsika mpaka ntchafu zitagona ngati mwakhala pampando, amenewo ndi a mpira, inu yambirani pamwamba pomwe mungathe kumaliza mphindi 2 mukupuma bwino, mawondo asapitirire zala za kumapazi, ndipo pansi pasakhale poterera, simenti yopolisha ndi masokosi ayi. Ntchafu ndi minofu ikuluikulu ndiye mtima umagunda kwambiri kuposa pofinya dzanja, machenjezo onse aja apa ndi owirikiza. Amene mawondo anatha kale khalani pa dzanja pomwepo. Sankhani chimodzi muchite masabata 8, osati zonse tsiku limodzi.

Mapilisi, mchere ndi zinazo

Apa ndinene mosabisa chifukwa ndi pomwe anthu amagwera. Munthu amachita masabata anayi, ayeza apeza 134 pa 84, akondwa, amlodipine uja amuika m'kabati. Nambala yabwinoyo yabwera chifukwa cha mapilisi ndi kufinya pamodzi, mukachotsa chimodzi imabwerera, ndipo ena mwa mankhwalawa monga atenolol kuwasiya mwadzidzidzi nkoopsa pakokha. Kaya mumamwa HCT, amlodipine, enalapril, nifedipine, pitirizani monga anakulemberani. M'makafukufuku angapo a pambuyo pake anthu amene anayesedwa anali akumwa mankhwala awo uku akufinya. Wochepetsa mlingo ndi amene anakulemberani, ataona manambala. Ndipo mwezi umene mwapita kuchipatala nkupeza mankhwala kulibe, mpira wa tenisi sulowa m'malo mwake, yesetsani kugula ku famasi kapena kufunsa chipatala china.

Kuyenda nakonso musasiye poti mwamva kuti kufinya kunaposa pa manambala a BP. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga, kulima, zimathandiza shuga, kunenepa, mapapo, tulo, zinthu zimene dzanja silingachite, ndipo bungwe la WHO limalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Mchere WHO imati usafike magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzadza, kuphatikiza umene uli kale mu buledi, soseji, tchipisi ta pa chiwaya, nsomba zouma zothira mchere ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Munthu amene amafinya katatu pa sabata koma kanyenya wake amamuviika mu mulu wa mchere ndi tsabola madzulo aliwonse akungodzinamiza. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac nawonso amakweza BP mukamawamwa pafupipafupi, anthu ambiri a msana ndi mawondo sadziwa zimenezi.

Pakatha masabata 8

Musamayeze tsiku lililonse nkumakhumudwa, BP imasinthasintha ndi tulo, nkhawa, kutentha, ngakhale mkangano wa m'mawa. Masabata awiri atatu oyamba mwina simuona chilichonse, kwa ambiri kusintha kumayamba kuoneka cha m'sabata yachinayi kupita mtsogolo. Kuyeza kawiri pa sabata nkokwanira, pa tsiku losafinya kapena musanafinye, nthawi yomweyomweyo, mkono womwewo. Mu kope lomwelo muzichonga masiku amene mwachita, chifukwa anthufe timakumbukira kuti tinkachita katatu pomwe zoona zake ndi kamodzi pa masabata awiri. Masiku onse ndi 24 okha pa masabata 8, mukaphonya limodzi musawirikize mawa lake, ingopitirizani.

Sabata yachisanu ndi chitatu ikatha bwerezani zija munachita poyamba, m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, phatikizani manambala a pamwamba nkugawa kuti mupeze avareji, chimodzimodzi a pansi, muyerekeze ndi a poyamba. Si onse amatsika, pali anthu amene thupi lawo siliyankha kwenikweni ngakhale atachita bwino, ngati ndinu mmodzi wa iwo onani kaye ngati mphamvu inali yokwana ndipo masiku munkakwanitsa, kenako yesani za khoma masabata ena 8. Ngati yatsika, dziwani kuti sikhalitsa yokha, mu kafukufuku wa Wiley yemwe uja anthu atasiya BP inabwerera pomwe inali patangotha masabata ochepa, ndiye masiku atatu aja amakhala a nthawi zonse.

Kope lija mupite nalo pa tsiku lanu la kiliniki pamodzi ndi buku la kuchipatala, muwaonetse adokotala kapena anamwino manambala a poyamba ndi a tsopano, muwauzenso chimene mwakhala mukuchita ndi mphamvu imene mumasunga. Ngati makina ndi anu atengeninso awayerekeze ndi a kuchipatala pa mkono womwewo, chifukwa ena a batire amanama ndi 10 yathunthu, makamaka lamba akakhala wamng'ono pa mkono waukulu. Ndipo ngati mwayamba kumva chizungulire mukaimirira kapena nambala ya pamwamba ikumatsika kufika cha m'ma 100, musadikire tsiku la kiliniki, pitani sabata yomweyo akaone ngati mlingo wa mapilisi ukufunika kusintha.